Ababa Atseka Makutu Bomba Lisanaphulike

Lamlungu, 9 Marichi

Mbiri ilembe, mibadwo idzawerenge: lero masana, pabalaza panga, pa sofa yomwe ndinasankha ndekha, ndatulukira chiwembu.

Umboni uyambe, poti ndine mphunzitsi wa mbiri yakale. Chimwalirireni Amayi, Ababa akukhala ndi ife. Miyezi yoyamba anali munthu wam'chipinda: kudya, kutseka chitseko, basi. Mankhwala ndinawapeza ndine. Mafilimu a nkhondo zakale pa intaneti, Lamlungu lililonse tikatha kudya. Ndimasankha ndekha, ndimawerenga za nkhondoyo sabata yonse, ndipo pofunika ndimaimitsa filimu n'kufotokoza. Ndi nthawi yokhayo imene ine ndi Ababa timakhala pamodzi osasowa chonena.

Lero tinali pa ya sitima yapansi pa madzi. Asilikali ali zii, thukuta kamukamu, adani akuyendayenda pamwamba pawo. Ine mtima uli m'mwamba. Ndikuona Ababa akukweza manja pang'onopang'ono n'kutseka makutu. Bomba linaphulika pambuyo pake.

Pambuyo pake!

Ndinacheukira kwa a Nesi, mwamuna wanga wa mphete. Anali atagwirira kale kapu ya tiyi ya Ababa kuti isatayike.

Lolemba, 10 Marichi

Ndawafunsa a Nesi akusita yunifolomu.

"Bambo, filimu ija munaionerapo?"

"Iti?"

"Musandiyankhe ngati ana a m'kalasi mwanga."

"Ababa ndi munthu wamkulu, mayi. Zinthu amazimva zisanachitike."

M'maso muli gwa. Sindikudabwa. Munthu amene tsiku lililonse amauza ana kuti jakisoni sapweteka, bodza ndi gawo la ntchito.

Lachiwiri, 11 Marichi

Kafukufuku watha. Mu akaunti yanga ya mafilimu muli kambali katsopano, dzina lake "Akuluakulu." Ndatsegula. Pansi pa filimu iliyonse pali kamzere kofiira kofika kumapeto. Ya asilikali a m'ngalande, aonera. Ya oyendetsa ndege, aonera. Ya akasinja m'chipululu, aonera. Ngakhale yaitali ija ndimasungira tsiku lobadwa la Ababa, aidya yonse osasiya ndi fupa lomwe.

A Nesi sabata zina amalowa ntchito madzulo, masana ali pakhomo. Ine ndili kusukulu kuphunzitsa ana za mapangano amene mayiko ankachita mobisa, osadziwa kuti lina lasainidwa kwanga.

Ndamuuza mphunzitsi mnzanga wa Masamu pa nthawi ya tiyi. Waseka mpaka kutsamwa. Akuti, "Anzanu akusala kudya kuti amuna awo angopatsana moni ndi apongozi, inu mukulira kuti agwirizana?" Munthu wa manambala, za mtima angazidziwire kuti.

Lachitatu, 12 Marichi

Ababa ndawapeza pakhonde akupukuta nsapato zomwe sapita nazo kulikonse.

"Ababa, bwanji osandiuza?"

"Ukanakhumudwa."

"Nanga panopa ndikuvina?"

Anaika burashi pansi. "Iwe, ine ndayendetsa basi moyo wanga wonse, koma masiteji ochuluka ngati a filimu yako sindinawaonepo. Msilikali wangoti awombere, taima. Zaka, mayina a mafumu, batani la jekete lalakwika. Tikamanyamuka ndaiwala amene amafuna kuphedwa."

Ndiye akuti iwo ndi akamwini awo amayamba aionera yonse, kuti Lamlungu azindimvetsera mtima uli m'malo.

"Nanga kudabwa kuja? Tsiku lija munafuula kuti mayo?"

"Akamwini amandigunda mwendo ikakwana nthawi."

Miyezi yonseyi ine kumadziyesa mphunzitsi, chonsecho ndine amene ndimaonera sewero.

Lachinayi, 13 Marichi

Ana anali ndi masewero, ndaweruka msanga. Ndalowa mwakachetechete, nsapato m'manja, cholinga ndizigwire zigawenga zija zili pantchito.

Mfuti zikulira pa tivi, koma palibe amene amaonera. Ababa amalankhula. Za Amayi. Akuti tsiku loyamba kukwera basi yawo, Amayi anawauza kuti akuyendetsa ngati anyamula mbuzi, n'kutsika asanafike kumene amapita. Mawa lake anakweranso, kudzaona ngati asintha. Ababa amaseka, kuseka kwenikweni kwa m'mimba, kenako mawu anasintha n'kuyamba za masiku a kuchipatala. A Nesi amangoti "ee, Ababa," "ndithu, Ababa."

Nkhani imeneyi sindinaimvepo. Chichokereni kumanda, pamaso panga Ababa sanatchulepo Amayi ndi kamodzi komwe. Ndikawatchula ine, amafunsa ngati mvula igwe.

Ndinatulukanso, n'kuvala nsapato, n'kulowa ndikumenyetsa chitseko. Ndinapeza akuonera mpira wachaka chatha, nkhope zili ngati za m'tchalitchi.

Ndasintha pasiwedi.

Lachisanu, 14 Marichi

Uthenga wa a Nesi ndili m'kalasi: "Tivi ikukana, mayi." Ndayankha: "Funsani Akuluakulu."

Adani agonja popanda kukhetsa magazi. Akatswiri adzalemba za ine.

Loweruka, 15 Marichi

Chitseko cha Ababa chatsekedwa tsiku lonse. Mbale yabwerera theka. Nsapato zili pakhonde, burashi pambali, monga anazisiyira.

A Nesi anandipeza kukhitchini ndikukwecha poto yoyera kale.

"Mayi, mlandu ndi wanga. Ine ndinayambitsa. Tsiku lina ndinawapeza atangokhala pabedi atavala jekete, osapita kulikonse, ndiye ndinayatsa filimu."

"Munayatsa zanga."

"Zinalipo ndi zomwezo."

"Ndipo pakamwa munalibe?"

Anatenga nsalu n'kuyamba kupukuta mbale, ngati munthu wabwino. Chimene chikundiwawa n'chakuti ndi munthu wabwinodi. Akanakhala chidakwa ndikanadziwa pomugwira.

Potuluka anati, "Mwakwiyira ine, koma amene watsekeredwa ndi Ababa."

Lamlungu, 16 Marichi

Tiyi ndinakonza, makatani ndinatseka, mapu a chipululu ndinayala patebulo. Ndinagogoda.

"Ababa, nthawi yakwana."

"Ndatopa, mwana wanga. Onerani."

"Lero sindiimitsa."

"Ayi, uziimitsa. Zako zimakhala bwino."

Ulemu umenewu amapatsa alendo. Chitseko sanatsegule.

Ndinakhala ndekha ndi rimoti. Akasinja anadutsa chipululu chonse popanda wowafunsa chaka. Pakati penipeni chala chinadina chokha, ndinatembenuka kuti ndifotokoze, n'kupeza pilo.

Pasiwedi ndawatumizira a Nesi. Sindinalembepo china chilichonse.

Lolemba, 17 Marichi

Ndili pageti ndinamva ndege zikuponya mabomba. Chitseko cha Ababa chili pululu, bedi loyala, pasinki mbale yopanda kanthu.

Ndinazungulira kukhomo lakukhitchini. Ndikanatha kulowa pabalaza, bwenzi atandisendera malo, Ababa n'kukhala mowongoka, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndinakoka kampando kufupi ndi chitseko, chikwama chili pamiyendo.

Ababa amanena za diresi lobiriwira limene Amayi anawotcha ndi simbi n'kunamizira iwo zaka zambiri. Diresi limenelo ndimalikumbuka. Linali la buluu.

Sindinawakonze. Mafilimu atenge, sindikuwadandaula. Ndimafuna nkhanizi azindiuza ine, ndipo ndikuona kuti ndizizimvera pano, kuseri kwa chitseko, tiyi wanga akuzizira.