Ziwindi zomwe ndinadzala ndi pakamwa

Amayi anga, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Kuno tilipo. Chisanu chokha ndiye chafika poti tambala akalira mawu ake amauma m'malere, timadzawamva masana dzuwa litawomba. Kachewere wabereka moti mmodzi timachita kunyamula anthu awiri. Chabwino, ndawonjezako pang'ono, koma wabereka ndithu. Tomato yekha ndiye anapsa ndi chiwawu. Mwana wanu Rozina wachira, mwana ndi wamkazi, tamutcha dzina lanu, ndipo akayamba kulira mudzi wonse umavomereza kuti mwabweranso.

Munkakonda kundiuza kuti, "Dominiko, iwe ukaona mbewa umakafotokoza nguluwe." Ndinkaseka. Lero ndikulemba nditazolika, Amayi, chifukwa nguluwe yanga yalowa m'munda mwa alongo anu.

Mukumukumbuka Agata, mwana wanga woyamba, uja munkapita naye kudimba ali kumbuyo? Ali ku Joni tsopano, kusukulu yaukachenjede. Tsiku lina pafoni ndinamufunsa chimene amachita kwenikweni. Anandifotokozera pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mbuzi katekisimu. Akuti thupi lathuli linamangidwa ndi tinthu tosaoneka ndi maso totchedwa maselo. Ena mwa iwo ndi makanda, sanasankhe ntchito, ndipo ukawalera bwino angathe kusanduka a chiwindi. Ndiye iye ndi anzake amawaika pa kathandala kofewa kuti agwirirepo, monga timazikira timitengo m'munda wa nsawawa, n'kumawadyetsa m'kabati yofunda mpaka agwirane. Ananenanso zina zambiri, koma ine ndinali nditamva kale zomwe ndimafuna.

M'mawa mwake pa bawo pa Chimbiya ndinatsegula pakamwa. Ndinati, "Mwana wanga amadzala ziwindi ngati kachewere! Akadzala mvula yoyamba, pofika Pasaka wakumba. Zonona, zazikulu ngati za ng'ombe!" Anthu anagwa nako kuseka. Wina anati ndimusungire chimodzi poti chake chinatha ndi kachasu. Ndinamuuza kuti aime pamzere.

Nkhani inakwera mapiri mpaka inakafika kwa Kaphuka, kwa alongo anu, atsibweni a Benedito. Iwotu akudwala matenda omwe anakutengani aja: maso achikasu, mimba yotupa. Kuchipatala ankawapopa madzi m'mimba n'kuwapatsa mankhwala, ndipo ankapezako bwino. Nditapita kukawazonda anandigwira dzanja n'kundifunsa, "Mphwanga, n'zoona zomwe ndikumvazi?"

Amayi, pamenepo m'pamene ndikanabweza mawu. Koma pakhonde panali podzaza ndi amayi a mphakati omwe anabwera kudzawapempherera, onse maso ali pa ine. Ndinakhosomola n'kunena kuti, "Atsibweni, Agata akubwera pa tchuthi cha nthawi ya chisanu. Chanu chili kale pa nazale."

Kuyambira pamenepo anasiya kupita kuchipatala. Ankati singano ija imawawa, ndiye avutikirenji kusoka thumba lakale pomwe latsopano lili m'njira. Ndinamva zimenezi. Ndinati ndikawauza mawa. Mawa linabereka mawa linzake.

Agata anafikadi. Kutacha, tili pabwalo, tinangoona ngolo ikulowa. Atsibweni anali atagona pamphasa m'ngolomo, atavala jekete lawo la ku Misa, lomwe mabatani ake sakukumananso pamimba. Akazi awo anatsika ndi bulangete, beseni ndi tambala wofiira. Anatiuza kuti bambowo akana ngakhale phala, poti anamva kuti munthu wokachitidwa opaleshoni sadya.

Tinawakhazika pampando. Moni asanathe n'komwe, maso awo anali pa sutikesi ya Agata yomwe imaonekera pakhomo.

"Mdzukulu wanga, tsegula. Ine ndakonzeka."

"Nditsegule chiyani, agogo?"

"Chiwindi changa chija. Kapena chimafuna pozizira? Kunotu n'kozizira kale."

Mwana uja anandiyang'ana. Maso amenewo ndi anu, Amayi, omwe munkandiyang'ana nawo ndikabwera ndi mbuzi zitadya chimanga cha eni. Anangoti, "Ababa, munawauza chiyani?" Ine, Dominiko, amene sindinasowepo mawu chibadwire, ndinayamba kuyang'ana zala za kumapazi kwanga.

Agata anagwada pafupi nawo n'kutulutsa foni. Anawaonetsa chithunzi cha kambale kagalasi, pakati pake pali kadontho. Anawauza kuti ndi chimenecho chomwe amalera, n'chochepa ngati njere ya mpiru, ndipo pakali pano amangoyeserapo mankhwala kuti aone ngati sawononga chiwindi. Zoti n'kumuika munthu chathunthu, anati n'zomwe akulakalaka, koma ulendo wake ukadali wautali, sanganene kuti liti.

Atsibweni anayang'ana kadontho kaja nthawi yaitali. Kenaka anati, "Kakongola. Ukalere bwino, kadzathandiza ena." Akanandilalatira bwenzi zili bwino. Akanandigenda ndi ndodo yawo ndikanathokoza. Koma anangotembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Mphwanga, tambalayo mudye ndithu. Wabwera kale." Anapempha madzi akumwa, n'kuuza akazi awo kuti atembenuze ngolo.

Tambalayo sitinamudye. Akuyendayenda pabwalo pano, ndipo akalira ndimamva ngati akutchula dzina langa.

Agata ananena mosabisa kuti atsibweni akapanda kubwerera kuchipatala msanga, madzi aja awatsamwitsa. Ndinapita kukawapempha, anakana, ati atopa. Ndinapitanso, anatembenukira kukhoma. Ndiye Lamulungu lapitali, amayi a mphakati atasonkhananso pakhonde lomwe lija, ndinavula chipewa n'kugwada pafumbi. Ndinati, "Ndinanama ine. Kulibe nazale, kulibe chiwindi. Mwana wanga sananenepo zimenezo, ndinazidzala ndekha ndi pakamwa pangapa." Mawondo anga sanazolowere ntchito imeneyi, Amayi, analira ngati chitseko cha khola. Palibe anaseka.

Atsibweni anandisiya chogwada mpaka miyendo inachita dzanzi. Kenaka anati apita, koma pali lamulo limodzi: ndiwaperekeze ineyo, ndipo kuchokera pakhomo pawo mpaka pa benchi ya chipatala ndisatulutse liwu ngakhale limodzi. Ati adokotala akafunsa, ayankha okha.

Tinyamuka mawa. Sindikudziwa ngati sitinachedwe, ndipo chimenechi n'chimene chikundidya. Ndiye ndikupempheni, Amayi: mukawaona alongo anu akusuzumira kumeneko, muwabweze. Muwauze kuti malo sanakonzedwe, abwerere kaye. Inu amakumverani.

Ine mbali yanga ndichita. Ndikawanyamula, ndikakhala nawo pamzere, ndidzawabweretsa, ndipo ulendo uliwonse wotsatira ndidzakhala ndili pomwepo, kukamwa kuli chotseka. Mukamva kuti msewu wa ku Dedza wangoti zii, musadabwe kuti kwagwanji. Ndi ine ndikudutsa.

Ndimakukondani, ndipo apa sindinawonjezepo kanthu.

Ndine mwana wanu,
Dominiko