Apongozi anga akutsuka miyala ya m'thanki ndi sopo

Aphungu,

Ndagwira njakata, ndipo chonde musaseke musanamalize kuwerenga.

Ndimagwira ntchito yolandira odwala kwa dokotala wa mano. M'chipinda chodikirira muli thanki ya galasi ya nsomba za m'nyanja ya mchere, yokhala ndi makorali, tamoyo tija timaoneka ngati maluwa omera pamwala. Abwana anaiika kuti odwala aziiwala kulira kwa makina obowolera dzino. Odwalawo saiwala, koma ine ndinakodwa. Ndinagula yanga n'kuiika pabalaza, wailesi ya kanema n'kuikankhira pakona ngati mwana wolakwa.

Mwini sitolo ya nsomba anandilangiza mosapsatira. Anati, "Mayi, za nsomba muiwale kaye. Sungunulani mchere uwu m'madzi osefa, ikanimo miyala yamoyo iyi, muponyemo kachidutswa ka nsomba yaiwisi kawole. Tizilombo tosaoneka ndi maso tichulukane m'miyalamo, chifukwa ndi timene tizidzadya zonyansa za nsomba zanu. Miyala ikayamba kuda, kondwerani." Anavomera kundisungira tinsomba tiwiri tofiirira tamizere yoyera mpaka kutha kwa mwezi uno.

Ndiye ndinayamba kuweta miyala. Pampu ikulira, nyali ikuwala, ine pampando maso pamiyala. Alendo akafunsa kuti nsomba zili kuti, amuna anga ankangoti, "Zili m'njira, zikubwera wapansi." Patapita milungu, miyala ija inayamba ndere zabulawuni, ine mtima m'malo.

Apa m'pamene panafika apongozi anga, mayi a amuna angawo, kudzachira atawachita opaleshoni ya bondo. Aphungu, mayi amenewa chikwatiwireni sanandiyamikirepo. Akalowa m'nyumba amayendetsa chala pawindo, n'kuyang'ana chalacho, kenako n'kuyang'ana ine. Pondiitana amangoti "inu".

Tsiku lina ndikuweruka kuntchito ndinapeza miyala yanga itayanikidwa pathaulo pakhonde, yoyera mbee, ikununkhira sopo wa mandimu. Apongozi ali chilili ndi ndodo yawo, dzanja linalo atagwira burashi ya mano ya amuna anga, nkhope ikuwala. Anati, "Mwana wanga, ndaona kuti ntchito yakuchulukira. Miyala yako inachita ndere. Munalinso kansomba kakufa, kaya ndi kaja umakadikira, ndataya, usalire. Madzinso ndinalawa, unachulutsa mchere. Ndathiramo a pampopi ndi kamchere pang'ono, wambiri umakweza magazi."

Koma Aphungu, mwamva mmene anandiitanira? Mwana wanga! Misozi inalengeza, ya miyala ndi ya chimwemwe nthawi imodzi, ndipo pakamwa panga panatuluka mawu akuti, "Zikomo amayi, yawala bwanji!"

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse ndi tsiku lotsuka miyala. Ine ndimathira mchere mobisa, iwo amasukuluza. Tikatero timakhala limodzi kutsogolo kwa thanki, kumamwa tiyi ndi kuyamikira ukhondo wake. Ndinawamva akuuza mwana wawo wamkazi pafoni kuti, "Mlamu wakoyu ndi munthu, kungoti ndinachedwa kumudziwa." Ndinakalilira kubafa.

Nditapititsa madzi m'kabotolo kuti akayezedwe, mwini sitolo anagwedeza, thovu n'kudzaza. Anandifunsa kuti, "Mayi, mukufuna kuweta nsomba kapena kuchapa makatani?" Akuti pali bambo wina amene akuzifuna nsomba zangazo. Amuna anga nawo akuti, "Nkhani ya akazi awiri ndi miyala ine sindilowererapo." Za burashi sindinawauzebe.

Nsombazo ndikuzifuna ndi mtima wonse, koma ndikuopa kuti ndikanena zoona ndibwerera pa "inu". Ndichite bwanji?

N. K., wa m'nyumba ya miyala yoyera

Mayi N. K.,

Munati ndisaseke, koma ndalephera pa mchere wokweza magazi. Pepani.

Tiyambe ndi inuyo. Akale anati manyazi anapha lambe, ndipo anu akupha tizilombo tosawerengeka Loweruka lililonse. Apongozi anu sanalakwe. Anaona ndere, anatsuka, munathokoza. Munthu ukamuthokoza amabwereza, ndi mmene anthufe tinalengedwera.

Choyamba, imbirani mwini sitolo mumuuze kuti nsombazo agulitse kwa bambo uja. Ndikudziwa zikuwawa. Koma madzi ochita thovu salandira mlendo mwezi uno, ngakhale mutapemphera chogwada. Nsomba zamizere zidzabwera zina.

Kenako yambiraninso. Tayani madzi onse, mutsukuluze thanki ndi pampu ndi madzi okhaokha. Miyala ili ndi timabowo tambiri ndipo yamwa sopo, ndiye iviikeni m'ndowa, muzisintha madzi mpaka fungo ndi thovu zitheretu, kenako iume padzuwa. Mukakayikirabe, gulani ina. Mupezenso mwala umodzi wamoyo wochokera m'thanki yokhwima kuti ukhale mbewu. Mchere ndi wa kusitolo ya nsomba basi, wa kukhitchini ubwerere kumapoto. Mukatero dikirani mwezi kapena kupitirira, muziyeza madzi, osati kulawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndere zikabwera musadandaule: walira mvula walira matope. Nsomba zilowe madzi akakhazikika, makorali pambuyo pake.

Tsopano nkhani yeniyeni. Mayi amenewa sakulimbana ndi ndere. Ndi munthu wozolowera kugwira ntchito, bondo lamukhazika pansi m'nyumba ya eni, ndipo wapeza chinthu chimodzi chimene angakuchitireni. Musawalande ntchito, asinthireni. Atengeni mupite nawo kusitolo, koma musanatuluke pakhomo muwauze nokha, tiyi ali m'manja, kuti, "Amayi, ndinaopa kukuuzani chifukwa ndinakondwa kwambiri ndi mmene munandiitanira tsiku lija. Miyala ija imafunika kuda." Akhumudwa, mwina tsiku lonse. Asiyeni akhumudwe. Kusitoloko akaone okha thanki yokongola ya miyala yakuda, akakangane ndi mwini wake mpaka atope.

Mukabwerako apatseni udindo wawowawo. Galasi limafuna kupukutidwa mkati ndi kunja, popanda sopo, ndipo palibe angawapose. Madzi akaphwa amawonjezeredwa osefa opanda mchere, poti mchere suuluka, ndiye pamenepo maganizo awo ndi a thanki akugwirizana. Timabotolo toyezera madzi muwapatsenso. Munthu wokonda kupeza zolakwa m'nyumba akapeza chida chozipezera, amasangalala kuposa mwana.

Amuna anu muwagulire burashi yatsopano lero. Musafotokoze chifukwa. Ndowa zamadzi azinyamula ndi iwo, aone ngati kusalowerera kumapepuka.

Musachedwe, mayi. Lero apongozi anu akupha miyala osadziwa, ndipo zimenezo mudzaseka limodzi. Mukakhala chete adzapha nsomba ndi manja awo, kenako adzadziwa kuti inu munkadziwa n'kumawaombera m'manja. Chimenecho ndiye sadzakukhululukirani. Amene wakutchulani mwana wake amayenera kumva zoona kuchokera kwa mwana wakeyo.

Chenjezo langa lomaliza ndi ili: nsomba zikadzafika, chakudya chake musunge nokha, pamalo okiya. Nsomba za m'thanki zambiri sizifa ndi njala, zimafa ndi chikondi, chifukwa chakudya chotsala chimawola n'kuwononga madzi. Mayi amene amayang'ana mwana wake wamwamuna, mimba itatsogola, n'kunena kuti "waonda", kansomba kotalika ngati chala adzakaona bwanji?

Aphungu