Odi Wopanda Womuyankha

Okondedwa ba Sisi Esnart,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno ku Kafue tili bwino, ana achira chimfine.

Sabata yatha azimayi a kutchalitchi tinapita ku Zimbabwe kukaona mabwinja a miyala ku Masvingo. Titafika pakhomo la chimpanda chachikulu cha kumeneko, ine ndinaima n'kuti, "Odi!"

Anzanga anafa nazo nseko. Wotitsogolera anati, "Mayi, eni ake anachoka kalekale."

Ndinaseka nawo, koma misozi inalengeza m'maso. Nanga si ndimachitanso chomwecho kunyumba ya malemu amayi ku Chanyanya ndikapita kukasesa, kiyi ili m'manja mwanga?

Sisi, bwerani Khirisimasi ino. Mukafike inu poyamba kunyumba ya amayiko, kuti ndikati "odi" pakhale wondiuza kuti "lowa".

Mulungu akusungeni.

Mng'ono wanu,
Tisa