Loko pa Makina a Bambo

14 Ogasiti

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, koma mtima wanga suli m'malo, ndiye ndati mumve kwa ine Amayi asanakuuzeni.

Paja ntchito yanga ndi yofufuza zipangizo zamagetsi zimene zikusokoneza zinzake. Sabata yatha anesi a pakachipatala ka mumsewu mwathu anadandaula kuti makina oyezera kugunda kwa mtima akuchita misala. Mizere imangovina pagalasi, moti anathamangitsira mayi wina kuchipatala chachikulu, mtima wake uli bwinobwino. Ankaopa kuti tsiku lina adzabweza wodwala weniweni.

Kuofesi anatuma ine. Ndinatenga kachipangizo koyezera n'kumatsata khoma, singano n'kumakwera ndikamayandikira kuseri. Achimwene, kuseri kuja mukukudziwa, ndi shedi ya Bambo. Ndinawapeza akuwotcherera geti, ndipo akangothetheretsa moto, singano inkakagunda kumapeto. Kabokosi kotchinga chisokonezocho pa makina awo owotcherera kanapsa kalekale, iwo anangokachotsa n'kulumikiza mawaya.

Ndinazungulira msewu wonse kufunafuna wolakwa wina. Ndinayeza firiji ya wogulitsa nyama, ngakhale kamakina ka wometa, osapeza kanthu. Ndisakubisireni, ndinaganizako zongolemba kuti gwero silinapezeke.

Nditawafotokozera Bambo, anavula chotchinga kumaso n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Makina amenewa ndi amene anakuphunzitsa sukulu," anatero. "Lero sukuluyo yabwera kudzawatseka?"

Ndinagwada, komabe loko ndinakhoma pa makinawo.

Chiyambire tsikulo sakundilankhula. Amadzuka m'mamawa, kuvala ovololo, n'kukhala pakhomo pa shedi. Makasitomala akabwera amawauza kuti akafunse bwana wam'nyumbamo. Ine ndimangolowa n'kutuluka, pokhala sipakukhalika. Anesi akuti mizere yawongoka, koma kunyumba kuno ndingamuuze ndani zimenezo?

Chonde tifunireniko kabokosiko kumeneko, kuno kakusowa. Nambala yake ndalemba kuseri kwa pepalali. Kakangoikidwa ndidzayezanso n'kutsegula. Muwaimbirenso foni, inu amakumverani.

Amayi akupereka moni kwa inu ndi ana. Nditanena kuti ndikukulemberani, Bambo sanandiyang'ane. Anatembenukira kwa Amayi n'kuti, "Muuze alembe kuti ndili bwino. Kabokosiko agule kolimba, ndisadzamuchititsenso manyazi mwanayu kuntchito kwake."

Ndalemba monga ananenera.

Ine mlongo wanu.