Uwauze kuti ndavomera

Ku Wanki, Juni 1922

Mlongo wanga Evelesi,

Ndakupatsa moni kuchokera kuno kumgodi wa malasha. Kodi uli bwanji, ndi amayi mwendo wawo uja? Ine ndili bwino, kungoti kuno kukuzizira zoti munthu wa ku Chiromo sangazolowere. Ndafika posowa ngakhale udzudzu wa kudambo kwathu.

Ignasio wa kumudzi kwathu wafika ndi sitima sabata yatha, ndipo nkhani yake yandilanda tulo. Akuti mkazi wanga Otilia bere lakumanzere latupa, lauma ngati dzungu losakhwima, thupi likutentha, ndipo mphini zimene anamutema sizinathandize. Akutinso apongozi amuletsa kuyamwitsa, mwana akungomwa phala lamadzi. Iwo akuti ndi tsempho, ati ine ndagona ndi mkazi wina kuno, ndipo mankhwala sagwira mpaka nditaulula.

Evelesi, iwe ukundidziwa. Mkazi wake uti angayang'ane munthu wakuda ndi malasha mpaka m'mano?

Chithupsa chotere ndachiona kuno kwa mkazi wa Elias, mnzanga wa m'komponi. Chili chaching'ono ankachithowa ndi nsalu ya madzi ofunda, nakama mkaka. Chitapsa, dotolo anachitumbula ndi kampeni kowiritsa, mafinya anatuluka, natsuka bala masiku onse. Mwana sanasiye bere linalo. Lero mayiyo akusinja, mwana ali kumbuyo. Ndikamamuona mwanayo akuyamwa ndimayang'ana kumbali, poti wanga sindinamunyamulepo. Ndimangomva kuti makutu ake ndi ngati angawa.

Pempho langa ndi limodzi. Pita kwa apongozi, upeze anthu a machila, mumutengere Otilia kwa dona wa mankhwala ku mishoni ya kuphiri. Pakali pano mwana abwerere ku bere labwinolo. Apongozi akakana, akati ayambe amva mawu anga, usakangane nawo. Uwauze kuti Fanuel wavomera, wachimwa, akupepesa. Achite mwambo wawo wa mchere wochotsa tsempho m'mawa, masana machila anyamuke. Dzina langa ndidzalitsuka ndikadzabwera, koma bere silingadikire sitima.

Otilia yekha umutengere kuseri kwa nkhokwe, umuuze kuti ndanama kuti achire. Mphasa yanga kuno ndi ya munthu mmodzi, ndipo ndamusowa kwambiri.

Undiperekere moni kwa amayi, kwa amalume, kwa alamu anga, ndi kwa apongozi omwe, mwaulemu. Mwanayo umugwire khutu, umuuze kuti mwini wake akubwera.

Tsala bwino,
ndine mlongo wako,
Fanuel