Nthochi za Malemu

Lolemba, 3 Malichi
Kunabwera Wamtali, mnzawo wa malemu amuna anga kumalo ofufuzira mbewu. Tiyi sanamukhudze. Akuti nthochi zija malemu ankayesera, a boma azitentha sabata yamawa. Zaka zonse zija bambowa akubwera matope ali m'mawondo, kufunafuna nthochi yosafota ndi matenda. Basi utsi?

Lachitatu, 5 Malichi
Ndinapita ku ofesi ya zilolezo. Mayi wa mu ofesimo ngwaulemu, mpaka kundikokera mpando. Akuti chilolezo choyesera chinali m'dzina la malemu, ndiye chinapita nawo. Ndinati, komatu amuna anga sanaikemo za chamoyo china, anangokonza pang'ono chibadwa cha nthochi yomweyo, ankandiuza mpaka makutu kuwawa.
"Mayi, lamulo silinanenebe kuti mbewu zotere tiziziika mbali iti. Likakhala chete, ife timawononga."
Ndinafunsa, ndiye lidzayankhula liti? Anangoyang'ana kudenga.

Lachinayi, 6 Malichi
Makina anga osokera sindinawavundukule nkomwe.

Loweruka, 8 Malichi
Wamtali anandilowetsa m'nyumba yagalasi momwe muli nthochizo. Ine mtima phaa! Masamba biriwiri ngati opaka mafuta, pomwe zanthawi zonse pambali pake zafota. Pa chomera chilichonse pali kachikwangwani, zilembo zopendekera za bambowa.
Ndinapempha kamphukira kamodzi kokha, ndikadzale kumanda.
"Alamu, mukufuna tonse tikagone kupolisi?"
Ndinamunena wamantha. Ndinanenanso zina zosayenera kulemba. Iye misozi ikutsikira m'ndevu.

Lamlungu, 9 Malichi
Apongozi pa foni: "Nthochi nazo nkumazilira ngati munthu?" Mwana wawo yemweyo ankazipatsa moni m'mawa asanandipatse ine. Ndaseka, kenako zandivuta.

Lachiwiri, 11 Malichi
Anafika a zilolezo, ndi mayi uja. Dzenje lokumbakumba kale, chigubu cha dizilo pambali. Nthochi ili ndi madzi ambiri, siyaka yosadula. Anapatsa Wamtali chikwanje. Iye anakweza mkono, mkono osatsika. Anthu kumangoyang'anana.
Ndinavula nsapato nkulowa m'matopemo.
"Bweretsa kuno, mlamu. Mwini wake ndinkamusambitsa ndine akudwala. Izinso ndizigoneka ndekha."
Mayi uja anati sizololedwa, koma ananena motsitsa, nkutembenukira kukhoma.
Yoyamba inagwa mosavuta. Utomoni wake unali wozizira m'manja. Wamtali anagwira yachiwiri kuti isandigwere.