Funso la Rozina

Amayi, kumene muliko mukupeza bwanji?

Kuno mapira acha bwino, ngakhale mbalame zatidyera mbali ya kumtsinje. Mpongozi wanu wabereka mwana wamkazi. Ndamuyezetsa kusikelo kawiri, poti koyamba sindinakhulupirire zimene analemba pakhadi.

Koma ndikulemba mtima uli m'mwamba. Achimwene anga, a Zuze, anakupezani kumeneko kwa akufa, kaya anakuuzani. Zigawenga zinawapha ku Mozambiki chifukwa ndiwo ankaimba chitsulo choitanira anthu ku munda wa boma. Akuti chimenecho n'chikomyunizimu. Munthu wosatha kulemba ndi dzina lake lomwe, Amayi!

Mwana wawo Rozina ndikukhala naye, ndipo ali m'kalasi langa la histole. Lachiwiri ndinkaphunzitsa za atsogoleri a ku Ulaya ndi ku Amereka, mmene analumbirira kuti adzateteza ufulu wa dziko lonse kwa Akomyunisiti. Manotsi ndinawakonza bwino, mayina awo n'kuwalemba mzere kunsi ndi rula. Rozina anakweza dzanja. Anafunsa ngati bambo ake anali mmodzi mwa adani a ufuluwo.

Kumbuyo kumakhala mwana wa tcheyamani wa chipani. Maso anga anathamangira kwa iyeyo. Ndinauza Rozina kuti funsolo silili pa silabasi, akhale pansi. Chichokereni tsikulo sanandilankhule. Madzi osamba amangondiikira n'kuchoka.

Munkanena mukandiona ndikusita malaya kachiwiri: "Iwe Fulansisiko, mantha ako ndi aukhondo." Manthawo sanathe.

Atsogoleri achizungu aja amalankhula mokoma, anthu n'kumawaombera m'manja. Ena anamwalira kale, misewu n'kutchedwa mayina awo. Ndani mwa iwo anapondako ku Marka, kumalire ndi Mozambiki? Ndani anaona othawa nkhondo atagona pansi pa mitengo ku Nsanje, ena opanda makutu? Boma lathu amalitcha bwenzi poti limadana ndi Akomyunisiti, pomwe mphunzitsi mnzanga anatengedwa ndi apolisi m'kalasi choko chili m'manja, mpaka lero sitikudziwa kumene ali. Ufulu wawowo ndimalembetsa ana m'makope, ine ndikulephera kuyankha mwana wa mbale wanga.

Loweruka ndimuperekeza kuchigayo, tidzere njira ya kudambo yosadutsa anthu. Ndikamuuza kuti bambo ake anali mlimi, sanali mdani wa munthu, ndipo wolakwa m'kalasi muja ndinali ine. Akadzafunsanso pagulu, sindikulonjeza kanthu, Amayi. Ndili ndi ana anayi. Koma za Lowerukazo ndalonjeza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Fulansisiko